Nthambi ya Katungwe

Lolemba, 6 Januwale

Amake mapasa,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ine kuno thupi lili bwino, kaya inu, ana ndi alamu anga. Tulo tokha ndi timene ndilibe, ndipo ndaganiza zoti ndilembe, chifukwa pa foni ndimangoti zonse zili bwino, inu n'kumati tithokoze Mulungu, tonse awiri tikudziwa kuti tikunamizana.

Wandilanda tulo ndi Mdala. Ndikunena mtengo waukulu uja wa kuseri kwa nyumba ya adona, umene malemu amuna awo anabzala chaka chimene anakwatirana. Pano aliyense amautchula choncho. Nthambi yake ina inatsamira pa denga la kachipinda kanga, ndipo mphepo ikamawomba imakanda malata ngati munthu wofuna kulowa. Zimenezo ndinazizolowera. Koma sabata yatha nthambi youma inagwera kwa aneba n'kuswa galasi la galimoto, ndipo aneba anena kuti zikachitikanso tikaonana kukhoti.

Amene amandilipira tsopano ndi mwana wa adona, uja timamuti a Chikwama chifukwa ngakhale popita kuchimbudzi sachisiya. Loweruka anabwera ndi makwerero aatali ndi makina ochekera, zonse zatsopano. Anati, "Iwe ntchito yako ndi ya pabwalo, ndipo mtengowu uli pabwalo. Mwezi wa mawa usanathe nthambi zonsezi zikhale pansi. Ukakanika, ofuna kachipinda kako ndi ambiri."

Amake mapasa, ine ndinayankha kuti, "Ndamva, bwana." Sindinawauze za alamu, mmene anagwera mu mtengo akudula nthambi, mpaka lero miyendo osagwira. Sindinawauze kuti m'chipatala muja munandigwiritsa Baibulo lanu lopanda chikuto lija, ine n'kulumbira kuti phazi langa silidzapondanso nthambi. Sindinaiwale ayi. Pakamwa pokha ndi pamene panachita mantha.

Adalaivala a basi ndawapatsira envelopu ndi nsapato za mapasa. Ndagula zofanana ndendende kuti pasakhale kulira. Muyambe mwalipira kusukulu, kenako mankhwala a alamu, zotsalazo muona nokha. Alamuwo musawauze nkhaniyi.

Muzindipempherera.

Ine bambo a mapasa.


Lamulungu, 19 Januwale

Amake mapasa,

Moni. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha wamng'ono chatsika. Ine ndili bwino, kupatula dzino lija.

Mawu anu ndawamva, oti bola ndibwere wopanda ntchito kusiyana n'kubwera pa chikuku. Ndawawerenga mpaka pepala lafewa. Koma inunso mukudziwa chimene chimalowa m'nyumba mwathu kachipinda aka kakanditaya.

Ndiulule. Lachiwiri ndinatsamiritsa makwerero aja pa Mdala, ndikudziuza kuti makwerero si nthambi. Ndinakwera pang'ono, mutu wanga n'kufika polingana ndi zenera la bafa. Nditayang'ana m'mwamba ndinaona nkhope ya alamu tsiku lija. Ndinatsika. Amayi ophika anali pa khomo la khitchini, chopukutira mbale paphewa. Anati, "Mwatsika msanga bwanji, achimwene, kumwambako kulibe tiyi?" Kenako anasiya kuseka, n'kunena kuti nyumba zinazi zimaitana anthu odziwa ntchitoyi, bwanji ife.

Ndiye ndinapita pa geti la sitolo ya zitsulo, pamene pamaima amuna osaka maganyu. Ndinabwera ndi awiri amene anati mitengo ndi ntchito yawo. Analibe chingwe kapena chisoti, koma zikwanje ndi fungo la dzulo. Wamkuluyo anangoponya diso kamodzi n'kuti, "Uyu timudula mutu wonse, atsale ngati pholo la magetsi. Pofika masana tamaliza."

Sanadziwe kuti adona ali pakhonde. Makutu awo amagontha pa zina zonse, koma izi anamva. Ananyamuka ndi ndodo yawo, n'kuti, "Mudula mutu wa ndani? Inu munalipo pamene amabzalidwa? Tulukani pano." Anthu aja anatuluka, koma anandilipiritsa ya basi.

Ndiye zinthu zili motere. Aneba akufuna mtengo uchoke. Adona akuti pasathothoke ndi tsamba lomwe. A Chikwama akufuna nthambi pansi popanda kutulutsa kanthu. Pakati pa atatuwa pali ine ndi lumbiro langa.

Mbuzi ija musagulitse kaye. Achimwene anga akabweranso ndi nkhani ya njinga, muwauze kuti ndinakana ndine.

Ine bambo a mapasa.


Lamulungu, 2 Febuluwale

Amake mapasa,

Moni wa chimwemwe, chifukwa ndikuona ngati Mulungu wayamba kutsegula kakhomo. Ndikhulupirira nonse muli bwino.

Loweruka la sabata yatha ija ndikupita kokonzekera kwaya ndinamva makina akulira m'mwamba, m'msewu wa kuseri kwa sukulu. Nditakweza maso ndinaona munthu ali pa nsonga ya mtengo, atamangidwa ndi zingwe m'chiuno, akuyenda pa nthambi ngati akuyenda pakhonde pa kwawo. Nthambi asanaidule amayamba waimanga. Chingwecho chimadutsa pa kagudumu kamene amapachika pamwamba, n'kutsikira kwa munthu wa pansi. Ikaduka sigwa ayi, imatsika pang'onopang'ono, mmene mumatsitsira mwana kumsana akagona. Ndinaima pamenepo mpaka kwaya inandipita.

Atatsika n'kuvula chisoti, ndinapeza kuti ndi mayi. Amamutchula Gologolo. Ndiye mwini wake wa lole ndi zida zonse. Ndinamufotokozera vuto langa lonse, ndi lumbiro lomwe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Ndiye inu Abusa, mumasamalira pabwalo koma kumwamba munakusiyira angelo?" Kuyambira pamenepo dzina langa kwa iye ndi Abusa.

Lachinayi anabwera kudzamuona Mdala. Sanafulumire kutchula ndalama. Anazungulira thunthu, akugogoda, akukanda khungwa ndi chikhadabo. Kenako anapita pakhonde, n'kukhala pa sitepe, pansi pa mpando wa adona. Anati, "Amayi, bambo awa ndi amoyo, adzatiika m'manda tonse. Angofunika kumetedwa. Zouma zichoke, zolowera kwa aneba zifupike, mphepo izidutsa pakati."

Adona anafewa. Anati zonsezo achite, koma nthambi ya katungwe isakhudzidwe. Imeneyi ndi ija ili pamwamba pa kachipinda kanga. Malemu anamangapo tcheni cha katungwe wa ana, ndipo tchenicho chinamezedwa ndi khungwa, changotsala kachidutswa kolendewera.

Gologolo anati, "Yomweyo ndi imene yadwala, amayi. Tcheni chinaipha m'kati. Mukaisiya idzagwa yokha, ndipo idzagwera pa Abusa ali m'tulo. Ndikaitsitsa ine, ndikupatsani m'manja yosasweka, ndi tcheni chake chomwe."

Adona anayang'ana nthambi ija. Kenako anati, "Yosasweka."

Chatsala ndi a Chikwama. Atamva malipiro a Gologolo anaseka, n'kuti makwerero anagula kale. Koma Gologolo anandikokera pambali. Akuti chimene chimadya ndalama ndi kubweretsa lole ndi anyamata pa nyumba imodzi. Nyumba zingapo za msewu umodzi zitamuitana sabata imodzi, aliyense angalipire zochepa. Akutinso munthu wake wa pansi akusiya ntchito, msana wamuvuta, ndiye ine nditagwira chingwe n'kukoka nthambi ndekha, achotserapo zina.

Wa pansi sakwera, amake mapasa. Ndinafunsa kawiri.

Ine bambo a mapasa.


Lachitatu, 12 Febuluwale

Amake mapasa,

Moni. Ndilemba mwachidule, manja ali ndi matuza.

Mwafunsa mafunso atatu ndipo onse ndi a Gologolo. Ayi, si mtsikana, ali ndi zidzukulu. Ayi, sanandiphikirepo. Za kukongola sindingathe kuyankha, chifukwa nthawi zonse amakhala ndi utuchi kumaso ndipo amandikalipira. Mukanamva mmene amanditchulira ndikasokoneza mfundo ya chingwe, bwenzi mukundimvera chisoni m'malo mondikayikira.

Ndikaweruka ndimapita ku yadi kwake kukaphunzira. Pa thunthu amamangirirapo chitsulo chonga nyanga, ndipo chingwe ndimachikulunga pamenepo. Nthambi ikakhala yolemera ndimakulunga kambiri, chitsulo n'kumandinyamulira katundu. Ikakhala yopepuka ndimangogwira m'manja. Lamulo lake ndi limodzi: wa pansi sasiya chingwe, ngakhale njuchi zimulowe m'malaya.

Za nyumba zina zija, sindinapite kwa mabwana. Bwana ukamugogodera amaganiza kuti ukupempha. Ndinapita kwa anzanga osamalira pabwalo, nthawi ya m'mawa tikamatulutsa migolo ya zinyalala. Ndinapeza kuti pafupifupi aliyense ali ndi Mdala wake, ndipo ena anagulidwira kale makwerero ngati ine. Mkulu wa pa nyumba ya pakona anandionetsa phewa limene silikwezeka. Aliyense anakalankhula ndi bwana wake pa nthawi imene iye akudziwa kuti bwanayo amamva. Wina akuti wake amamva akangodya, wina akuti timu yake ikapambana. Nyumba zavomera zokwanira, ndipo aneba athu omwe aja akuti alipira mbali ya nthambi zolowera kwawo.

A Chikwama avomera ndi kukhosi kokha. Akuti kukasweka kanthu kalikonse, ngakhale mphika wa maluwa, ine ndinyamuke. Dzana anabwera ndi mnyamata wina n'kumuonetsa kachipinda kanga, ine ndili momwemo ndikudya. Zina zimene ananena ndidzakuuzani pamaso.

Mwezi uno envelopu yapepuka, ndinagula magolovesi. Tsiku ndi Lachisanu la sabata ya mawa. Musale nane kudya ngati mungathe.

Ine bambo a mapasa.


Lamulungu, 23 Febuluwale

Amake mapasa,

Yambani mwakhala pansi, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kulira kapena kukalipa. Ndili moyo, ndili bwino, ndikulemba ndili m'kachipinda kanga.

Lachisanu lole inafika m'mawa. Ndinapempha kuti tiyambe ndi pemphero. Gologolo anati, "Pempherani, Abusa, koma lalifupi, mphepo sidikira ameni." Kenako anakwera.

Ntchito inayenda ngati nyimbo. Iye akafuula kuti "Pansi!" ine ndimayankha kuti "Ndagwira!" Makina kulira, nthambi kulendewera, ine kuitsitsa, anyamata ake kuikokera ku lole. Anzanga a m'nyumba zina anadzaza pa mpanda. Aneba anatulutsa mipando. A Chikwama anaima chapafupi ndi chikwama chawo, maso ali pa miphika ya maluwa, kudikira kuti umodzi usweke.

Nthambi ya katungwe tinaisiyira kumapeto. Gologolo anayamba kuidula kunsonga, chidutswa chidutswa, ndipo zonse zinali zouma, zopepuka ngati mapesi. Litatsala gawo lalikulu lija la tcheni, anagogoda n'kuti, "Ili ndi mphako yokhayokha. Musavutike ndi chitsulo, gwirani m'manja." Ndinachotsa chingwe pa chitsulo n'kuchikulunga pa mkono.

Palibe amene anadziwa kuti mphakoyo inali yodzaza ndi madzi a mvula. Palibenso amene anaona kuti adona atsika pakhonde ndi ndodo yawo, akubwera kudzalandira nthambi yawo m'manja monga analonjezedwa.

Itaduka ndinangomva mkono ukuzuka. Chipika chinayamba kutsika, ine n'kuyamba kukwera. Mapazi anachoka pansi. Ndinaona zenera la bafa likudutsa, kenako malata a kachipinda kanga ali pansi panga, ndi mpira wa ana a aneba umene unasowa chaka chatha. Ndinaonanso mutu woyera wa adona, chipika chikulunjika pomwepo. Ndikanasiya chingwe, bwenzi lero tikunena zina.

Pambali panga penipeni panali nthambi yaikulu, yoti ndikanangotambasula mwendo. Gologolo anakuwa kuti, "Pondani nthambiyo, Abusa! Pondani mukhazikike!" Amake mapasa, ndinaiyang'ana. Kenako ndinapinda miyendo ngati mwana wokana kusamba, n'kuti, "Sindiponda!" Mawu amene anandiyankha nawo sindingawalembe m'kalata yolowa m'nyumba ya Chikhristu.

Apa ndi pamene ndinaona dzanja la Mulungu. Kulemera kwanga kunachedwetsa chipika, amayi ophika n'kupeza mpata wowakoka adona. A Chikwama nawo anathamangira mayi awo, tisawanamizire. Ndiye chipika chinapendekeka, madzi onse a m'mphako n'kukhuthuka, akuda, onunkha, a zaka ndi zaka, ndi masamba owola ndi tizilombo tomwe. Onsewo anathera pa a Chikwama. Madzi akutuluka chipika chinayamba kupepuka, chinaima m'malere, ine n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono mpaka zidendene zinagunda udzu. Anyamata anathamanga kudzagwira nane, tinachigoneka pa kapinga. Sichinasweke. Tcheni chili pomwepo.

Pa mpanda panabuka chiphokoso ngati chigoli. Gologolo atatsika sanandiyang'ane kaye. Anapita kwa adona n'kuti, "Kulakwa ndi kwanga, amayi, ndinayesa ndi khutu m'malo moboola ndione." Kenako anabwera kwa ine, n'kundimenya pa chisoti. Anati, "Munthu wopusa ngati inu sindinamuonepo. Koma simunasiye."

Adona anakhala pa chipika chija akusisita tcheni. A Chikwama anaima akudontha, atanyamula chikwama kutali ndi mphuno. Adona anati, "Iwe, pamene unkagwa pa katungwe ameneyu unkalira chimodzimodzi. Kasambe. Ndipo mnyamata wako uja umuuze kuti kachipinda kali ndi mwini wake." Miphika yonse ya maluwa ndi yamoyo, ndinaiyendera ndekha.

Tsopano funso limene likundivuta. Ndinafika pamwamba kuposa denga. Koma sindinakwere mwa kufuna kwanga, ndipo nthambi sindinaiponde. Akulu a mpingo akuti nkhaniyi ndi yoti aweruze amene ndinalumbira pamaso pake. Ndiye ndinu. Ngati muona kuti n'koyenera, alamu muwawerengere tsopano.

Mkono watupa koma ukugwira. Usiku wa Lachisanu mphepo inawomba, malata anali zii, ndipo ndinagona mpaka amayi ophika anachita kugogoda.

Ine bambo a mapasa.


Lamulungu, 9 Malichi

Amake mapasa,

Moni kwa inu nonse. Mkono waphwa, dzino lija ndinakachotsa.

Kalata yanu ndinaiwerengera kuseri kwa garaja kuti anthu asandione maso. Zoti munandikhululukira ndathokoza, ngakhale mwandinena kuti ndinalendewera ngati malaya pa chingwe. Koma chimene chandigwetsa misozi ndi cha alamu. Mukuti anaseka mpaka kutsamwa, n'kukuuzani kuti mubwereze pa madzi a a Chikwama. Ine kuseka kwa alamu ndinali nditaiwala mamvekedwe ake. Mukutinso atatha kuseka anafunsa kuti chingwecho amachimanga bwanji kuti nthambi isagwe. Kuseri kwa pepalali ndajambula mfundo yake ndi kagudumu. Ndapatsiranso adalaivala kachingwe kakafupi kamene Gologolo anataya, kuti alamu aziyeserera pa mwendo wa tebulo. Manja awo ndi abwino kuposa anga.

Kuno msewu wonse wametedwa. Nyumba zonse zija tinamaliza popanda kuswa kanthu, ndipo chitsulo sindinachisiyenso ngakhale pa kanthambi konga chala. Mkulu wa pakona uja anabweza makwerero kwa bwana wake, akuti azipachikapo matawulo. Chipika cha katungwe tinachiika pa njerwa pansi pa Mdala, adona amakhalapo masana alionse. A Chikwama anagula chikwama china. Amandipatsa moni tsopano, koma amadutsa kutali ndi mtengo.

Nkhani imene ndalembera ndi iyi. Gologolo akufuna ndikhale munthu wake wa pansi, masiku atatu pa sabata. Akutinso ndiziyenda m'misewu ina kulankhula ndi anzanga a pabwalo monga ndinachitira kuno, ndipo pa nyumba iliyonse imene ndamupezera azindipatsa yanga. Adona avomera kuti masiku otsalawo ndizigwira pano, kachipinda n'kukhalabe kanga. Zikatero mbuzi sitigulitsa, ndipo chikuku cha alamu chija tingayambe kuchiganizira chaka chino.

Sindikubisirani, ntchitoyi ili ndi ngozi zake, mwaziwerenga nokha. Ndinamuuza kuti lumbiro lili pomwepo, sindidzakwera ngakhale atadwala. Anati, "Okwera ndi ambiri, Abusa. Ndikusowa wosasiya." Ndinamuuzanso kuti sindingayankhe ndisanamve kwa inu. Anaseka, n'kuti mwini chingwe changa chenicheni ali kumudzi. Sindinatsutse.

Akufuna yankho pofika Lolemba la sabata ya mawa, apo ayi atenga wina. Basi ibwerera kuno Lachisanu. Mukambirane ndi alamu, iwo ndi amene akudziwa kulemera kwa nthambi kuposa tonsefe. Mukati ayi, ndikamuuza choncho n'kuvula magolovesi popanda kudandaula. Mukati inde, musalembe zambiri, mungouza alamu amange mfundo ija pa kachingweko, mupatsire adalaivala Lachisanu lomweli. Ndikaiona ndidziwa.

Ine bambo a mapasa.